Bwanji munthu wanga mu gemu sakuyankhula?

Funso limeneli timalilandira pafupipafupi ife olemba nkhani za magemu ndi kujambula mawu, makamaka kwa anyamata apa Dedza boma amene atopa ndi FIFA ayamba kuyesako ma RPG, magemu aja umapanga munthu wakowako, kumupatsa dzina, nkhope, luso, kenako nkumayenda naye munkhani yaitali. Amati aise, Skyrim ndakopera ija ndi yoonongeka, aliyense akuyankhula koma wangayu ali duu. Siyoonongeka ayi. A Bethesda anaitulutsa choncho dala mu 2011, iwe umasankha mzere pa sikirini, winayo nkuyankha ndi mawu, wako osamveka.

Nkhani yake yagona pa ndalama komanso pa funso loti munthu ameneyu ndi ndani kwenikweni.

Tiyambe ndi ndalamazo. Kulemba mzere ndi kotchipa, wolemba akhoza kuusintha usiku mawa nkudzuka gemu ili ndi yankho latsopano. Koma mzere womwewo ukati uyankhulidwe ndiye pamafunika woyankhula, situdiyo, wowongolera, wokonza mawu, komanso milomo ya munthu wa mu gemuyo iziyenda mogwirizana ndi mawuwo, ndipo ukasintha liwu limodzi lokha ndekuti umuitanenso munthu uja kusitudiyo. Mu Fallout 4, ya 2015, Brian T. Delaney ndi Courtenay Taylor anajambula mizere yoposa 13,000 aliyense, chifukwa wosewera akhoza kusankha mwamuna kapena mkazi, ndiye chilichonse kawiri. Tsono ganizirani Skyrim momwe muli mitundu 10 yoti usankhe, mpaka anthu amphaka ndi anthu abuluzi. Onsewo awapatse mawu awoawo? Palibe kampani ingapirire.

Ndiye zimene zimachitika nzoti mawu akalowa, zosankha zimachepa. Onani a BioWare, kampani ina yopanga magemu. Dragon Age: Origins ya 2009 munthu wako sankayankhula, koma umatha kuyamba nkhani mnjira 6 zosiyana, ngati munthu wamba, elf kapena dwarf (mitundu ya anthu a m'nthano). Pofika Dragon Age II mu 2011 anamupatsa mawu, ndipo basi aliyense anakhala Hawke, mtundu umodzi, banja limodzi. Magemu akale a Fallout, a 1997 ndi 1998, anali ndi kanthu kena kokoma heavy, ukapanga munthu wanzeru zochepa mayankho ake amasinthiratu, amangobwebweta ndipo anthu amamuyankha ngati mwana. Zinatheka chifukwa zinali zolemba chabe.

Pali vuto lina limene ine limandinyansa kwambiri. Munthu wako akamayankhula, opanga safuna kuti uwerenge chiganizo chonse kenako nkuchimvanso, ndiye amangokuonetsa timawu tiwiri titatu. Mass Effect ya 2007 ndi imene inatchukitsa kasankhidwe kameneka, koika mayankho mozungulira kagudumu pa sikirini. Fallout 4 inatengera, mayankho 4 basi nthawi iliyonse. Iwe usankha kuti "ayi" poganiza kuti ukukana mwaulemu, munthu wako nkulalata mpaka ndewu kubuka. Amene munaonerapo mafilimu omasuliridwa mChichewa mma video show a pa Lizulu mukudziwa zimenezi, mzungu wanena mawu awiri okha koma womasulira wamutukwanitsa mpaka agogo ake, anthu nkumaseka. Mu filimu zimakoma. Mu gemu, pamene amene wamuikira mawu mkamwayo ndi iweyo, sizikoma olo pang'ono. Osewera ena a Fallout 4 anachita kupanga mod, kapulogalamu kosinthira gemu, yoonetsa chiganizo chonse, ndipo Todd Howard mwini wake, amene anatsogolera opanga gemuyo ku Bethesda, anadzavomera kuti kayankhulidwe kameneka sikanayende bwino ngati mbali zina za gemuyo. Starfield, gemu ina ya a Bethesda omwewo, itatuluka mu 2023 anabwerera kwa munthu wosayankhula.

Musaganize kuti ndikudana ndi mawu. The Witcher 3, ya CD Projekt Red aku Poland, yomwenso inatuluka 2015, singakhale chimodzimodzi popanda liwu lokhakhala lija la Doug Cockle, amene amayankhula ngati Geralt, munthu amene umamusewera. Koma Geralt si iwe. Ali ndi mbiri yake, anzake, akazi amene anakondanapo nawo, mwana amene akumufunafuna, iwe umangomuthandiza kusankha pakati pa zinthu zimene Geralt angachitedi. Chimodzimodzi Shepard wa Mass Effect, Jennifer Hale ndi Mark Meer anamupatsa moyo moti pa zochitika zachisoni umamva mawu akunjenjemera, zomwe mzere wolembedwa sungakwanitse. Ndipo kunena zoona wosayankhula ali ndi manyazi ake, mnzake akufa pamaso pake kamera nkumuonetsa nkhope ili gwaa, osatulutsa ndi liwu limodzi lomwe, umangoti koma abale.

Kwa ine muyeso ndi uwu, ngati opanga akuti munthuyo ndi wawo, amupatse mawu, amulembe mokwanira. Ngati akuti ndi wako, atseke pakamwa pake. Fallout 4 inafuna zonse ziwiri, inakuuza kuti panga aliyense amene ukufuna kenako nkukupatsa mkazi kapena mwamuna, khanda lobedwa, ndi liwu la kholo lodandaula, ndiye ukati ukhale chigawenga chopanda chisoni liwulo likukana.

Kwa ife kuno pali kenanso kamene anzathu akunja saganizira. Mawu amene amajambulawo ndi Chingerezi cha ku America kapena ku Britain. Mnyamata wa ku Bembeke wakhala ola lathunthu kukonza nkhope yakuda, wamutcha dzina la kwawo, kungotsegula pakamwa nkumveka munthu wa ku Boston, basi zathera pompo. Akakhala chete umamuyankhulira wekha mmutu, kaya mChichewa, kaya ndi kamvekedwe ka ku Ntcheu kaja, palibe wokutsutsa. Kuipa kwake nkoti zowerenga zimachuluka, ndipo pa ka TV kakang'ono mutadzadzana anthu angapo timalemba timeneto timavuta, wa kumbuyo amangofunsa kuti wati chani.

Baldur's Gate 3, ya Larian Studios aku Belgium, ya 2023, inapeza njira yapakati imene ndimaikonda. Pokambirana munthu wako satchula mizere imene wasankha, ndiye mayankho amakhala ambiri, ena amangotulukira chifukwa cha mtundu kapena ntchito imene unasankha. Koma anzako onse amayankhula mokwanira, ndipo pali wofotokoza nkhani, Amelia Tyler, amene amakuuza zimene waona, fungo lomwe wamva, mantha amene akugwira. Pomenya nkhondo kapena poyenda munthu wakoyo amatulutsako timawu pang'ono, ndiye ukamuyesa wosalankhula mpang'ono pomwe walakwitsa. Kungoti gemuyi ndi yolemera, imadutsa 100GB, ndiye ngati mukudalira bandulo ya pa foni, bola mukafunse kaye amene ali nayo kale pa hard drive.