Gemu ya akuluakulu si magazi okha ayi

M'timashopu ta PlayStation ku Kawale ndi ku Area 25, anyamata amati gemu ndi ya akuluakulu ikakhala ndi mfuti, magazi ndi akazi osavala. Komatu chizindikiro cha PEGI 18 chija, chomwe amaika pa gemu kusonyeza kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, chimangochenjeza makolo zomwe zilimo, sichiyeza kukhwima kwa nkhani.

Taonani gemu ya Papers, Please ya 2013. Mugemuyi muli pachipata cha dziko, ntchito yanu kudinda mapasipoti basi. Bambo wadutsa, mkazi wake akubwera pambuyo koma chikalata chimodzi alibe. Mukamulowetsa mulandira chenjezo, mukazolowera akudulani malipiro, chonsecho kunyumba mwana akufuna mankhwala, lendi ikudikira. Mwana wa sitandade 5 angodinda n'kupitiriza. Amene analawapo ukali wa landilodi pakutha pa mwezi amayamba wagwira kaye chidindocho m'mwamba, mtima uli phaphapha.