Kamfundo ka paphewa sikamva ukali

Mayi wina amene amasoka zovala pakhonde la sitolo anabwera kwathu ku mafizo buku lake la kuchipatala litatsala pang'ono kudzaza. Tsamba lililonse dandaulo linali limodzi: mutu. Unkayambira kunkhongo, n'kukwera kuseri kwa khutu lamanja, n'kukakhazikika palitsipa. Malungo anayezetsa kangapo, osapezeka. BP inali bwinobwino. Panado ndi brufeni anali atasanduka ndiwo za tsiku ndi tsiku. Ndinawakhazika pampando, n'kuyamba kutsina pang'onopang'ono mnofu umene umachoka m'khosi kutsikira paphewa. Chala chitangofika pa kamfundo kolimba ngati nyemba, mayi aja anadzuma.

"Iii adokotala, ndi mutu womwe uja! Mwaupeza bwanji paphewa?"

Funso lawoli ndimalimva kawirikawiri, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti pamene papweteka ndi pamene pali matenda. Minofu ilibe chilungamo chotero. Mnofu umene wakhala ukugwira ntchito imodzimodzi kwa miyezi ndi zaka umapanga timalo tolimba, towawa mukatidina, ndipo timaloti timatha kutumiza ululu kutali ndi pamene tili. M'mabuku a zachipatala amatitcha ma trigger point. Amene anafufuza kwambiri za timaloti ndi dokotala wamkazi wa ku America, Janet Travell, yemwe mu 1961 anasankhidwa kukhala dokotala wa pulezidenti John F. Kennedy, bambo amene msana unamuzunza zaka zambiri. Kuyambira mu 1983, Travell ndi mnzake David Simons anatulutsa mabuku awiri aakulu okhala ndi zithunzi zosonyeza kumene mnofu uliwonse umaponya ululu wake. Wa pakati pa khosi ndi phewa umaponya kumutu, monga mwa mayi wosoka uja. Wokuta fupa la phewa kumbuyo umaponya kutsogolo kwa phewa, n'kutsikira m'mkono. Wa m'mbali mwa thako umatsitsa ululu m'ntchafu mpaka m'katumba, moti anyamata a kabaza ena amabwera akuti mwendo wagwidwa nyamakazi, pamene mwendowo ulibe mlandu. Akatswiri akutsutsanabe za chimene chili m'kati mwa kamfundoko, ena akuti ndi ulusi wa mnofu umene unakokana osamasukanso, ena akuti ndi mitsempha yomvera ululu imene yangopsa mtima. Mkanganowo tiwasiyire eni ake. Kwa inu amene phewa likukuwawani, chofunika n'chakuti kamfundoko kamamveka kuchala, ndipo kakatikitidwa bwino ululu umatsika.

Nanga umatsika bwanji? Mwana akagunda mutu pachitseko, mayi sayamba ndi mafunso. Dzanja lafika kale, akusisita, akuuzira. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza chimene mayiyo amachita osadziwa. Uthenga wa kukhudza ndi uthenga wa ululu umayenda m'mitsempha yosiyana, koma yonse imakakumana m'chingwe cha mitsempha chodutsa m'kati mwa msana isanakwere ku ubongo. Pokumanirapo pali ngati kachipata. Uthenga wa kukhudza umathamanga kuposa wa ululu, ndipo ukachuluka umapanikiza kachipatako, ululu n'kumadutsa wochepa. Onjezaninso kuti pamalo potikitidwa pamafunda, magazi amayenda bwino, ndipo thupi lonse limapepuka ukaligwira mwaulemu.

Ndiye mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasocherera. Potikita simukuphwanya chotupa, simukufinya magazi oipa, simukubwezera fupa m'malo mwake. Mukunyengerera mitsempha. Ndipo wonyengerera sabwera ndi chibonga.

Kwathu kuno timakhulupirira kuti mankhwala owawa ndiwo ochiza, ndipo chikhulupirirochi tinachitengera ngakhale ku kutikita. Ndaonapo misana yodzaza mikwingwirima ya mthiko. Ndaonapo bambo amene anauza mwana wake wa fomu 3 kuti amuponde kumsana ndi zidendene. Kamdzukulu ka zaka 3 kakamayenda pamsana pa agogo palibe vuto, koma chimnyamata chomera ndevu ndi nkhani ina. Inenso ndilibe pobisala. Ndili wophunzira ndinapatsidwa agogo aamuna odandaula chiuno, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndimaitha ntchito ndinawatsindira ndi chigongono. Iwo ali chete. Ine n'kumati zikuyenda. Patapita masiku atatu anabwera akuyenda chammbali, pachiuno patada bii, n'kundiuza mwaulemu wawo wonse kuti, "Mwanawe, mankhwala ako aja ndi amphamvu." Kukhala chete kuja unali ulemu basi, sikunali kumva bwino. Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana nkhope ya munthu, osati pakamwa pake. Mnofu ukamva kuti ukuvulazidwa umadziteteza pokungika kwambiri, ndiye mumathera pomangitsa chimene mumafuna kumasula.

Kachitidwe koyenera n'kosavuta, tiyeni titenge phewa lomwe lija. Khalani pampando, mkono wa mbali yopwetekayo muutsamiritse patebulo kapena papilo kuti phewa ligwe lokha, lisakhale m'mwamba. Ndi dzanja linalo gwirani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa ngati mukutsina nsima, n'kumayenda nawo pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene pakukuchititsani kunena kuti "apo, apo". Dinani pamenepo, muime. Muyeso wake ndi mpweya wanu: ngati mukutha kupuma modekha, nkhope ili yomasuka, mphamvuyo yakwana, mukayamba kubanika kapena kukukuta mano, mwapyola. Gwirani choncho masekondi 30 mpaka 60, osapitirira 90. Nthawi zambiri ululu umayamba kusungunuka chala chili pomwepo, ngakhale simunachepetse mphamvu. Mukatero sisitani pang'onopang'ono motsata kutalika kwa mnofuwo kangapo, kenako pendeketsani mutu kumbali inayo, khutu kulowera kuphewa, mpaka mumve kukoka kosawawa. Malo awiri kapena atatu pa nthawi imodzi akwana, kawiri kapena katatu patsiku. Mphindi 5 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Lamlungu lokha. M'mawa mwake pamalopo pakhoza kumveka ngati munagwira ntchito yolemetsa. Koma pakada, kapena kuwawako kukafika tsiku lachitatu, munaonjeza.

Zala zanu zisungeni, makamaka chachikulu. Ife ogwira ntchitoyi ambiri timadandaula zala, ndiye sindingafune kuti muchize phewa n'kudwalitsa dzanja. Kumsana, kumene dzanja silifika, gwiritsani ntchito mpira wa tenisi. Uikeni mu sokosi yaitali, gwirani kukamwa kwa sokosiyo, ponyani mpirawo kumbuyo kudzera paphewa, n'kutsamira khoma. Sokosi imathandiza kuti mpira usamagwe, komanso mumaukweza ndi kuutsitsa mmene mukufunira. Mphamvu mumaiongolera ndi miyendo: mukasendeza mapazi kutali ndi khoma, mpira umalowa kwambiri. Mpira ukasowa, ndimu kapena lalanje losapsa limagwira ntchito yomweyo masiku angapo lisanafewe. Mpirawo uyende pamnofu, m'mbali mwa msana, osati pamafupa apakati amene amatuluka mukawerama. Za thako, yambirani pakhoma pomwepo; kugonera mpira pamphasa kumaika thupi lonse pamalo amodzi, ndipo ndi kwa amene azolowera kale. Amene mumaima tsiku lonse, aphunzitsi, alonda, ogulitsa m'sitolo, ikani chitsononkho kapena botolo lagalasi pansi, mulikunkhunize ndi phazi kuchokera kuchidendene kufika kuzala mutakhala pansi.

Kuthowa, kumene agogo athu ankachita kalekale, ndimakuyamikira kwambiri pa ululu wokhalitsa. Nsalu yoviika m'madzi otentha bwino, yofinya, pamalopo kwa mphindi 15 kapena 20 musanatikite, mnofu umakhala utagonja kale theka. Yesani kaye kutenthako pamkono panu. Odwala shuga ndi onse amene mapazi kapena manja amachita dzanzi asamale koposa, chifukwa khungu lawo limapsa iwo osamva. Mafuta opaka otentha aja, onunkhira ngati Vicks, amangotenthetsa kapena kuziziritsa khungu, salowa kukasungunula kanthu m'kati. Ngati amakuthandizani pakani, koma musathowe pamwamba pake, mungapse. Pongofuna kuti dzanja literere, mafuta ophikira kapena Vaseline akwana.

Tsopano chimene odwala anga sakonda kumva. Kutikita kumapereka mpumulo wa maola, mwina tsiku limodzi kapena awiri. Sikuchotsa chimene chinabweretsa ululuwo. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo wosoka akaweramira singano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, minofu ya kunkhongo ndiyo imaugwira mutuwo kuti usagwere pamakina. N'chimodzimodzi wokhalira foni ndi kompyuta. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ndipo pali amayi amene amaisenza maulendo angapo tsiku lisanatenthe. Khasu la mpini waufupi limapinda munthu pakati nyengo yonse yopanga mizere. Sindinganene kuti siyani kutunga madzi kapena kulima. Malangizo otero ndi a munthu wokhuta. Chimene ndimanena n'chakuti mpumulo umene mwapeza potikita muugwiritse ntchito: ululu ukatsika, yendetsani chiwalocho, chiwongoleni, chilimbitseni, ndipo pantchito muzisintha kakhalidwe pafupipafupi, ngakhale kungoimirira mphindi imodzi n'kutembenuza mapewa.

Si maganizo anga okha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo mu Disembala 2023 linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka ululu wotere ukapitirira miyezi 3. Kutikita kuli m'gulu la zimene linavomereza, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, ndipo likuti zimenezi ziziyendera limodzi. Malamba omanga m'chiuno, amene anthu akugula modula m'matauni, linati asagwiritsidwe ntchito pa vutoli. Ndionjezepo za indosidi ndi brufeni wogula pa okala: kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumatha kubweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Komanso tulo tochepa ndi nkhawa zimakweza ululu. Mwezi wa fizi kapena sabata yobweza ngongole ya banki m'khonde mapewa a anthu amakwera okha kufika m'makutu.

Pali malo ndi nthawi zimene dzanja liyenera kukhala kutali, ndipo apa sindichita nthabwala. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa, makamaka kwa mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene, munthu amene wagona nthawi yaitali chifukwa cha matenda kapena opaleshoni, kapena amene wangotsika basi ya ku Johannesburg, musatikite. Akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo chibulumacho chikasuntha n'kukafika kumapapo chimapha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mnofu wotupa, wotentha, wolimba ngati thabwa, munthu akumva malungo, ukhoza kukhala ndi mafinya m'kati. Umafuna mankhwala kapena kutumbula, osati zala. Msana wopweteka usiku ngakhale mutagona phee, pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, tiziganizira TB ya msana, imene kuno si yachilendo. Miyendo ikamafooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamavuta kugwira kapena kutuluka, ndi zachangu, osadikira kuche. Ululu woyaka mbali imodzi ya thupi, wotsatidwa ndi matuza, ndi mashingozi. Kupweteka kwa phewa kapena mkono wamanzere kobwera ndi kuthina pachifuwa, befu ndi thukuta kukhoza kukhala mtima.

Kutsogolo ndi m'mbali mwa kholingo musadinepo, pamadutsa mitsempha yopita ku ubongo. M'khwapa, m'mphechepeche ndi kuseri kwa bondo namonso ayi, ndipo mwanabere satikitidwa. Pamene mwangobinya kapena kugwa, masiku awiri kapena atatu oyamba pasiyeni. Amene mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndi agogo amene mafupa awo afooka, kusisita kopepuka kokha. Ndipo ngati mwayesa zonsezi bwinobwino kwa masabata awiri popanda kusintha, pemphani kuti akutumizeni ku mafizo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zili ndi gawoli, ndipo ku Blantyre kulinso chipatala cha mafizo cha Kachere.

Mayi wosoka uja tinamuphunzitsa kutsina phewa ndi kugwiritsa ntchito mpira, koma chimene chinasintha zinthu kwambiri chinatulukira pocheza. Ankasokera pakhonde lamdima, atafulatira kuwala, ndipo maso anali atayamba kuchepa mphamvu monga zimachitikira munthu akapyola zaka 40, ndiye pofuna kuona msoko ankalowetsa nkhope m'makina. Anatembenuza makinawo kuti kuwala kuzigwera pansalu, anakayezetsa maso n'kupeza magalasi owerengera, ndipo tinagwirizana kuti ulusi wa m'bobini ukatha aziimirira kaye asanaikemo wina. Patapita mwezi anabwera kudzanena kuti mutu ukumabwera mwa apo ndi apo, ndipo ukayamba amauthamangitsa ndi ndimu pakhoma la sitolo, anzake akumuseka. Ndinakumana nayenso mu Seputembala, sukulu zikutsegulira, mulu wa mayunifolomu uli pambali pake.

"Wabwereranso, adokotala," anatero akuloza palitsipa. "Koma sabata ino musandiuze zoimirira. Tionana ana akalowa m'kalasi."