Bere lili ndi mwini wake

Mawu amene ndatopa nawo m'chipinda choonera odwala ndi akuti, "Adokotala, koma sipakupweteka." Mayi akunena zimenezi atatha miyezi isanu akuona timadontho ta magazi pa nsonga ya bere limodzi, kamisolo akuchapa mobisa. Khansa ya m'bere ikamayamba nthawi zambiri sipweteka. Amene akudikira ululu akuipatsa mpata woti imere mizu.

Pali mtundu umene timautcha DCIS, ena amati siteji 0. Maselo oipa amakhala adakali m'kati mwa tinjira ta mkaka, sanaboole kulowa m'mnofu wa bere, sanafike kukhwapa. Kumayiko kumene amayi amajambulidwa mawere ndi mammogram, amaupeza chotupa chisanamveke n'komwe. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje timadalira maso ndi manja: magazi kapena madzi otuluka okha pa bere limodzi, kachotupa kolimba, nsonga yosupuka yosapola ngakhale mupake mafuta otani. Chotsimikizira n'kudula kanyama kukayeza, ndipo apo ndiye kukwera mapiri a ku Thabwa kupita ku Gulupu ku Blantyre. Ikagwidwa pa siteji imeneyi n'kuthandizidwa, mwa amayi 100, oposa 95 safa nayo ngakhale patapita zaka 10.

Mayi wina wa cha ku Bangula sandichoka m'mutu. Anabwera msanga, anapita ku Blantyre, zotsatira zinabwera: DCIS. Kwa ine inali nkhani yabwino. Koma tsiku lofotokoza analowa ndi amuna awo ndi alamu awo, ndipo ine, poona kuti abambowo ndi amene akufunsa, ndinatembenuzira mpando kwa iwo. Mayiyo anakhala chozyolika, akupinda ngodya ya chitenje. Ndinalankhula mphindi zambiri, koma chimene anatola n'chakuti bere lidulidwa. Mayiwo sindinawafunse chimene akuopa. Sindinawafunse ngati kunyumba kuli mwana woyamwa, kapena ngati ndalama ya minibasi ilipo. Alamuwo anati, "Tikakambirane kaye kumudzi, mayiwa tinalowola." Ine ndinangolemba tsiku m'buku la kuchipatala.

Anabweranso patatha chaka ndi theka. Bere lonse mphini zokhazokha, chilonda chikununkha, kukhwapa kuli mwanabere wolimba ngati mwala. Atatsala awiri ndi namwino ndi pamene anaulula kuti iwo opaleshoni ankaifuna, koma ankaopa kuti bambo akwatira wina, ndipo panalibe amene anawafunsa. Cholakwa chimenecho ndi changa ndisanaloze wina aliyense.

Pajatu panali zoti asankhe. Ngati malo odwala ndi ochepa, dokotala wa opaleshoni angathe kuchotsa mbali yokhayo n'kusiya bere, kenaka n'kuwotcha ndi makina a radiotherapy, zomwe zimachepetsa pafupifupi ndi theka mwayi woti ibwerere m'bere lomwelo. Koma njira imeneyi imafuna kukhala kutali ndi kwanu masabata angapo ndi kumabwera kudzaonedwa osaphonya. Kwa zaka zambiri Amalawi ankatumizidwa kunja kukafuna chithandizo chimenechi. Njira ina ndi kuchotsa bere lonse, ndipo pa DCIS nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ena amapatsidwa mapiritsi a tamoxifen kwa zaka 5, ngati kuyeza kwaonetsa kuti maselowo amakula ndi mahomoni. Mankhwala a m'diripi othothola tsitsi aja, amene anthu amawaopa kwambiri, pa siteji imeneyi safunika. Mayi wa ku Makhanga amene njira yake imaduka Ruo ndi Shire zikasefukira sangasankhe mofanana ndi mayi wogwira ntchito pa Nchalo. Tinaona mmene namondwe Freddy anadulira misewu mu 2023. Wodziwa zonsezi ndi mwini bere, ndiye tsopano ndimayamba ndafunsa kuti, "Mayi, mukufuna alowe nanu ndani?" Ena amati akufuna akhale okha kaye. Abambo amakwiya panja, koma amazolowera.

Tsono inu a mankhwala a m'mabotolo, inu otema mphini, inu ogulitsa madzi odalitsidwa pa WhatsApp. Si DCIS yonse imene imasanduka khansa yofalikira, ndipo palibe dokotala angaloze motsimikiza kuti iyi isanduka, iyi ayi. Ndiye mukamwetsa mayi zitsamba miyezi itatu, magazi n'kuleka kaye kutuluka, mumati mwachiritsa. Simunachiritse kanthu. Mwamudyera mbuzi ndi nthawi. Mphini pa bere zimangowonjezera chilonda ndi mafinya, ndipo akafika kwa ife timayamba talimbana ndi zimenezo. Kupemphera sindiletsa, inenso ndimapemphera, koma mbusa wouza mayi kuti ataye kalata yopitira ku Gulupu asadzabwere kudzalalikira pamaliro.

Ndipo zoti khansa imabwera chifukwa choika foni kapena ndalama m'kamisolo, kapena kuti mpeni ukaikhudza imafalikira, zisiyeni. Chimene chimachitika n'chakuti ambiri amafika ku opaleshoni itafalikira kale, anthu n'kumanamizira mpeni.

Mukaona magazi pa nsonga ya bere limodzi, musadikire kukolola kapena kuti madzi aphwe m'dimba. Pitani sabata yomweyo, ndipo mukatumizidwa kukayezetsa kanyama, funsani tsiku lodzamva zotsatira, alilembe m'buku muli pomwepo.