Chitini cha onga chopanda dzina

Mwezi wathawu mnyamata wina anafika pamalo pomwe ndimakonzera mfuti kuno ku South Africa atanyamula katoni. Apongozi ake, omwe anali mlenje wa laisensi ku Limpopo, anatisiya, ndipo posesa m'galaja abale anapeza zitini zitatu za onga. Ziwiri zinali ndi mapepala ake, ngakhale ofwifwa. Chachitatu chinali chitini cha khofi, chopanda ndi chilembo chimodzi chomwe.

"Achikulire, inu mwaona zambiri," anatero. "Tangosuzumirani mundiuze kuti ndi mtundu wanji."

Ndinatsegula, ndinanunkhiza, ndinathira pang'ono papepala loyera. Kenako ndinamuuza kuti, "Achimwene, onga satchulidwa dzina ndi maso. Amene angakuuzeni kuti wauzindikira pongouyang'ana, ameneyo akusewera ndi nkhope yanu."

Kuno, ku America ndi kumaiko ena, mwini mfuti ya laisensi amaloledwa kudzikonzera zipolopolo zake. Amatola makoko amkuwa omwe anawombera kale, kuikamo primer yatsopano (kabatani ka pansi pa khoko komwe kamayatsa onga), kuyeza onga pasikelo, n'kutsekapo ndi mutu wa chipolopolo. Lamulo la mfuti la dziko lino la 2000 limalola zimenezi pa mfuti imene munthu ali nayo laisensi yake. Ntchito yonseyi imatsamira pa buku la miyezo, lomwe limanena kuti onga wakutiwakuti, m'khoko lakutilakuti, uyambire apa ndipo usapitirire apa. Muyezo wake ndi grain, ndipo galamu imodzi muli ma grain 15 ndi kanyenyeswa. Buku limeneli limayamba ndi dzina la onga. Dzina likasowa, palibe tsamba loti mutsegule.

Ife okulira kumudzi tikamva za onga timakumbuka gogodela wa agogo, wothira kukamwa kwa mpope n'kusinja, uja ankati akalira utsi n'kuti tolo. Umenewo ndi onga wakuda wamakedzana. Wa m'zipolopolo za lero ndi chinthu china, wopangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrocellulose, umene Mfalansa Paul Vieille anayamba kuupanga bwino mu 1884. Mphamvu yake ndi yoposa wakuda uja kutalitali, moti kuuthira mu gogodela n'kuphulitsa mpope m'manja.

Onga wamakonowu uli m'mitundu yambirimbiri, ndipo chimene chimausiyanitsa ndi liwiro la kapsedwe kake mkati mwa mfuti. Wa pisitolo ndi wa shotgun umapsa mwachangu, choncho umalowa wochepa. Wa mfuti zazitali za alenje umapsa pang'onopang'ono kuti uzikankha chipolopolo mpaka kumathero a mpope, ndipo umadzaza khoko. Chipolopolo cha mfuti yaitali cha .308 Winchester chimaloledwa kufika pa puleshala ya 62,000 psi, pomwe tayala la galimoto yanu limakhala cha m'ma 32. Tsono wina akadzaza khoko limeneli ndi onga wa pisitolo poganiza kuti ndi wa mfuti yaitali, puleshala imalumpha malire amene chitsulo chingapirire. Ndinalandirapo mfuti yotere: mpope unang'ambika ngati nzimbe yosendedwa, ndipo mwini wake anapulumuka ndi zala zosakwana.

Nanga maonekedwe sathandiza? Amathandiza pang'ono chabe. Onga wina ndi timapalepale, wina ndi timibulu ngati mapira, wina ndi timitengo tatifupi ngati pensulo yoduladula. Koma timibulu tofanana ndendende tikhoza kukhala wa pisitolo kapena wa mfuti yaitali, chifukwa liwiro limadaliranso mankhwala amene anakutira kunja, omwe diso siliona. Makampani ena anaikamo timadontho ta utoto, monga mu onga wotchedwa Red Dot, Green Dot ndi Blue Dot, komabe madonthowo sakuuzani ngati malemu sanasakanize zotsalira ziwiri m'chitini chimodzi. Palinso ena amene amayatsa pang'ono pansi kuti aone kapsedwe. Kumeneko n'kudzinamiza: pabwalo onga umangoti lawi n'kutha, pomwe khalidwe lake lenileni limaoneka utapanikizika m'khoko.

Ngakhale pepala litakhalapo, muziwerenga chilembo ndi chilembo. IMR 4350 ndi H4350 nambala ndi imodzi, koma ndi onga iwiri yokhala ndi miyezo yakeyake. H4831 amene Bruce Hodgdon, wamalonda a onga wa ku America, ankagulitsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anali wotsala wa asilikali a America, wopangidwira mizinga ya mamilimita 20, pomwe wogulitsidwa ndi dzina lomwelo zaka za posachedwapa ndi wochokera ku fakitale ya ku Australia. N'chifukwa chake chitini chakale chimafuna miyezo ya wopanga wake, ndipo pokayika timalembera kampaniyo n'kutchula nambala ya mtolo yomwe imadindidwa pachitini.

Dzina likapezeka, funso lotsatira ndi lakuti ongawo ukadali wamoyo kodi. Nitrocellulose imaola mwakachetechete kuyambira tsiku limene yapangidwa, ndipo poola imatulutsa asidi amene amafulumizitsa kuolako. Opanga amathiramo mankhwala omeza asidiyo, monga diphenylamine, koma mankhwalawa amatha, makamaka pamalo otentha. Galaja ya malata mu Disembala wa ku Limpopo ndi mdani wamkulu. Mankhwala akatha, onga umayamba kudzitenthetsa wokha mpaka kuyaka popanda woyatsa. Asilikali apamadzi a ku France anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 12 Malichi 1907 sitima yankhondo ya Iéna inaphulika padoko la Toulon, anthu oposa 100 n'kufa. Pa 25 Seputembala 1911 sitima ya Liberté inaphulika padoko lomwelo, n'kupha oposa 200. Mlandu unagwera onga wokalamba wa Vieille uja, wotchedwa Poudre B.

Mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Onga wabwino umamveka kafungo konga ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo wakale wosungidwa bwino mwina sununkha n'komwe. Woola umabaya m'mphuno, fungo lowawasa lotsamwitsa. Mukauthira papepala loyera mumaona fumbi lofiirira ngati la dothi la katondo, mkati mwa chitini muli dzimbiri, ndipo nthawi zina umagwirana zibumazibuma. Chimodzi mwa zitini ziwiri zamapepala zija chinali chotere; chivundikiro chake chinali chitadyeka mkati, ndipo nditangotsegula ndinayetsemula. Chimenecho sichiyenera kugona m'nyumba ngakhale usiku umodzi.

Chinacho chinali S335 wa Somchem, kampani ya onga ya kuno, m'chitini chake chenicheni, chosatsegulidwapo, wouma ndi woyera. Ukalamba wokha si mlandu: onga wosungidwa pozizira, pouma ndi pamdima umatha zaka makumi angapo uli bwinobwino. Mnyamatayo ndinamuuza kuti akakhala ndi laisensi yakeyake ya mfuti yoyenera, atenge miyezo ya Somchem, ayambire pa wotsika kwambiri, ndipo aziyang'ana khoko lililonse likatuluka. Primer ikaphwatalala, kapena bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, ikamalimba potsegula, aime pomwepo. Osati kudalira kabuku ka apongozi kolemba pamanja, chifukwa iwo ankayezera mfuti yawo, osati yake.

Cha khofi chija anachiyang'ana nthawi yaitali, nati ndi chodzadza, n'zomvetsa chisoni kutaya. Ndinamufunsa kuti chitini chatsopano ndi ndalama zingati, nanga diso amagula kuti. Anaseka pang'ono. Madzulo omwewo tinaimbira apolisi oona za zophulika kuti atiuze kokasiya zitini ziwirizo, iye n'kubwerera kwawo ndi chimodzi.