Zaka zimene sizitchulidwa m'mbiri za akatswiri a zisudzo

Anthu akamandifunsa kuti munthu amalowa bwanji ntchito ya zisudzo, kawirikawiri amayembekezera kuti nditchula sukulu inayake kapena ndiwauza za mwayi umene umangomugwera munthu. Ine, amene ndakhala ndikuphunzitsa ndi kutsogolera ochita zisudzo kwa nthawi yaitali, ndimawapempha kuti awerengenso mbiri za akatswiri amene amawasirira, ndipo ayang'anitsitse zaka za pakati pa tsiku limene munthuyo anakwera nsanja koyamba ndi tsiku limene dzina lake linamveka. Olemba nkhani amakonda kulumpha zaka zimenezi chifukwa mulibe chokometsera nkhani, komatu ndi m'menemo mmene luso linaphunziridwa.

Morgan Freeman anabadwa mu 1937, anatumikirapo m'gulu la asilikali a ndege la United States, kenako anakhala zaka zambiri akuchita masewero pa nsanja ndiponso m'pulogalamu ya ana ya pa wailesi yakanema. Filimu imene inamuika pagulu la opikisana pa mphoto ya Oscar kwa nthawi yoyamba inatuluka mu 1987, iye ali ndi zaka pafupifupi 50. Alan Rickman anayamba ndi ntchito yojambula ndi kukonza maonekedwe a zofalitsa, analowa sukulu ya zisudzo ya RADA ku London ali ndi zaka 26, ndipo filimu yake yoyamba, Die Hard, inatuluka mu 1988 atadutsa kale zaka 40. Oonera ambiri anamuona ngati munthu watsopano, pamene anali atakhwima kale m'magulu a zisudzo a ku Britain.

Pali chifukwa chimene ambiri mwa anthu olimba pa ntchitoyi amadzera pa nsanja. Pa nsanja sewero limayamba n'kutha osaima, mawu ayenera kumveka mpaka kwa munthu wokhala kumbuyo kwenikweni, ndipo wolakwitsa ayenera kudzikonza yekha anthu akuona. Kubwereza sewero lomwelo usiku uliwonse kumaphunzitsa munthu kumva oonera, kudziwa pamene chidwi chawo chatsika ndi pamene agwidwa mtima. Kamera imafuna zina. Imayandikira nkhope moti kuphethira kokha kumanena zambiri, ndipo zigawo za filimu sizijambulidwa motsata nkhani, kotero munthu angajambule imfa yake m'mawa, n'kujambula ukwati wake madzulo. Ndaonapo anthu aluso pa nsanja akukanika pamaso pa kamera chifukwa chokweza mawu ndi kuponya manja mopitirira, koma kuchepetsa luso limene lilipo kale n'kosavuta poyerekeza ndi kulimanga pamene palibe.

Sukulu imathandiza, ngakhale kuti si khomo lokhalo. Lupita Nyong'o, amene anabadwira ku Mexico City mu 1983 n'kukulira ku Kenya, anagwirapo ntchito yothandizira ojambula filimu ya The Constant Gardener, anakonza yekha filimu yofotokoza moyo wa anthu achialubino ku Kenya, kenako anamaliza maphunziro a zisudzo ku Yale mu 2012 asanalandire Oscar mu 2014. John Kani wa ku South Africa anadzera njira ina. Iye ankagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto ku Port Elizabeth pamene analowa gulu la Serpent Players lomwe linkagwira ntchito ndi wolemba masewero Athol Fugard, ndipo mu 1975 iye ndi Winston Ntshona analandira mphoto ya Tony ku New York. Sukulu yawo inali kuyeserera usiku ataweruka ku ntchito, pansi pa malamulo a tsankho amene ankaletsa anthu akuda ndi azungu kuchitira limodzi zinthu zambiri.

Mbiri za otsogolera filimu n'zosiyanasiyana koposa, popeza ntchito yawo ndi yolumikiza maluso ambiri: nkhani, kamera, kuwala, mawu, ndalama ndiponso mitima ya anthu. David Lean anayamba ndi kudula ndi kulumikiza zithunzi za mafilimu a anthu ena, ndipo ndimakhulupirira kuti palibe ntchito ina imene imaphunzitsa bwino chomwe nkhani ikufuna ndi chomwe ingathe kusiya. Akira Kurosawa ankafuna kukhala wojambula zithunzi ndi utoto, koma mu 1936 analembedwa ntchito yothandizira otsogolera filimu, ndipo anaphunzira pansi pa Kajiro Yamamoto mpaka pamene anatulutsa filimu yakeyake mu 1943. Ena amachokera pa kusewera kumene, monga Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimu yake yoyamba yaitali, yotuluka mu 2019, patapita zaka zoposa 20 akutsogoleredwa ndi ena.

Mbiri imene ndimakonda kuifotokoza kwa ophunzira anga ndi ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anabadwa mu 1923. Iye anakhalapo msodzi, womanga nyumba, msilikali, ndiponso wonyamula katundu padoko la Marseille ku France, kumene anayamba kulemba mabuku. Ataona kuti anthu ambiri amene ankawalembera sankatha kuwerenga mabuku a m'Chifalansa, anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga filimu akuyandikira zaka 40. Filimu yake yaifupi ya mu 1963 inali yonena za tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo mumzinda wa Dakar, ndipo woonera amazindikira msanga kuti amene anaikonza ankadziwa kulemera kwa katundu paphewa asanadziwe kulemera kwa kamera.