Anaumitsa mtima wa Farao ndani?

Ndikamaphunzitsa buku la Eksodo, tikangofika pa 7:3 pamene Mulungu akuti adzaumitsa mtima wa Farao, sipalephera kupezeka wokweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati woumitsayo ndi Mulungu, nanga Farao analakwanji?" Funsoli linawazunguzanso mitu akatswiri achiyuda zaka zoposa 800 zapitazo.

Moses Maimonides, wobadwira ku Córdoba m'dziko la Spain, dotolo ndiponso rabi yemwe anamwalira ku Egypt mu 1204, sanafune zonyengerera. M'buku lake la malamulo, Mishneh Torah, anati munthu aliyense akhoza kukhala wolungama ngati Mose kapena woipa ngati mfumu Yerobiamu, ndipo palibe womukoka dzanja. Popanda ufuluwu malamulo onse ndi opanda pake, paja sungalamule mwala kuti ulape. Za Farao anati iyeyo anayamba yekha kuzunza Aisraeli, mwakufuna kwake. Zoipazo zitachuluka, chilango chake chinali kumutsekera khomo la kulapa. Kuuma kwa mtima kunali chigamulo cha mlandu wakale.

Yankho limeneli ndimalikonda. Pamene Maimonides amandisiya m'malere ndi pa funso lalikulu: ngati Mulungu akudziwa kale zomwe ndichite mawa, ndingachitenso zina? Iye anangoti kudziwa kwa Mulungu sikufanana ndi kwathu, nzeru za munthu sizingafikepo. Rabi Abraham ben David wa ku Posquières, kumwera kwa France, anamudzudzula m'mphepete mwa tsamba lomwelo, kuti wanzeru sayamba nkhani imene sangaimalize, kunali bwino kungowasiya anthu ndi chikhulupiriro chawo.

Rabi Levi ben Gershon wa ku Provence, kumwera kwa France komweko, yemwe anamwalira mu 1344, analimba mtima kuimaliza. Anati Mulungu amadziwa njira zonse zimene munthu angatsate, koma osati imene adzasankhe, popeza chisanasankhidwe sichinakhale chinthu choti n'kudziwidwa. Ambiri anaona ngati wamuchepetsa Mulungu.

Hasdai Crescas, rabi wa ku Spain, analowera kwina. Mu 1391, pamene magulu a anthu anaukira Ayuda m'mizinda ya Spain, mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo anaphedwa ku Barcelona. Patapita zaka, cha mu 1410, anamaliza buku lake Or Adonai, mmene anati chochita chilichonse cha munthu chili ndi zochiyambitsa, ndipo zoyambitsazo zimalumikizana mpaka kwa Mulungu. Chilango, kwa iye, chimatsata tchimo monga kupsa kumatsata kugwira moto. Ufulu umene anausiyira munthu ndi wa mumtima: kodi unachita mokondwa, kapena ukumva kuti wakakamizidwa? Wochita mokakamizidwa salangidwa. Analemba izi pakati pa Ayuda zikwizikwi amene anabatizidwa lupanga lili pakhosi.