Za kamera yoyezera kummero kwa agogo athu: mafunso anu ndi mayankho athu

Pabenchi ya pachipatala pathu nkhani ndi imodzi masiku ano, abale obwera ndi agogo omwe nsima ikuwaima pachifuwa akufuna kalata yopitira ku chipatala cha Queens ku Blantyre kukayezedwa ndi kamera (endoscopy), ena akabwerako akumatinena kuti tinangowataitsa ndalama. Ndiye ife olemba makalatawo tati tiyankhe pano.

Endoscopy yo ndi chani?

Ndi kachubu kofewa konenepa ngati chala, kali ndi kamera kunsonga, amakalowetsa pakamwa kuti aone kummero mpaka m'mimba. Sang'amba paliponse.

Zimapweteka?

Amapopera mankhwala adzanzi kukhosi, munthu amangomva ngati asanza, mphindi 10 kapena 15 zatha. Koma asadye kanthu kwa maola osachepera 6, ndipo ngati amamwa mankhwala a shuga, aspirin kapena warfarin munene tsiku lopita lisanafike.

Agogo akalamba kwambiri, sakawabweza?

Zaka pazokha sizibwezetsa munthu. Amaona mphamvu, mtima, kapumidwe. Chimene chimativuta ife nchoti ambiri amabwera atatha miyezi ali paphala, kenako thobwa, mpaka madzi omwe ayamba kubwerera, kabotolo kolavuliramo malovu kali m'manja, thupi latheratu. Wotereyu timayamba tamugoneka padiripi, abale nkumaona ngati tikuchedwetsa dala. Nsima ikangoyamba kuima bwerani, musadikire za madzi.

Ndi zaulere kapena ayi? Ena akuti analipira.

Apa tiyankhe mosamala. Ku zipatala za boma, kuphatikizapo Queens, wodwala wopita ndi kalata kudzera njira yawamba salipira kuyezako. Zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona zili ndi mitengo yake, funsani komweko, za pulayiveti ndiye nkhani ina. Chimene chimadya ndalama ndi ulendo, munthu achoke ku Makhanga, Bangula kapena Ngabu, adutse pa Thabwa nkukwera phiri lija mpaka Blantyre, gadiyani naye thiransipoti yake, chakudya, pena kugona konko, ndiye mwina abwererenso kukamva zotsatira. Zimenezo ofesi yathu ilibe thumba lake, tisakunamizeni. Ambulansi imayamba yanyamula amatenda akayakaya ndi azimayi ovutika pobereka, malo akapezeka timakwezamo koma sitingalonjeze. Wina akakuuzani kuti mupereke kenakake kuti dzina likwere pamwamba, kanani ndipo kaneneni kwa ombudsman, wolandira madandaulo pachipatala.

Bwanji osamangoyeza konkuno?

Pamafunika makina, ogwira ntchito ophunzitsidwa ndi labu yoyeza kanyama komwe amatapa kummeroko. Ifenso timalakalaka.

Mnzathu anamuika stent (kapaipi kotsegula kummero), agogo athu anangowayeza nkuwabweza, si kukondera uku?

Funso ili timalimva kwambiri ndipo kupweteka kwake tikukumvetsa. Kulephera kumeza sikumodzi. Ena ndi mafangasi oyera kummero, makamaka ngati chitetezo chatsika, awa mapiritsi a fluconazole amakwana. Ena njira inachepa chifukwa cha zipsera za asidi wa m'mimba, awa amaikulitsa pang'onopang'ono, mwina maulendo angapo. Koma kwa achikulire ambiri, tinene zoona, imakhala khansa ya kummero, Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka zedi padziko lonse. Apa ndi pomwe stent imalowa, kapaipi ka waya komwe kamatambasuka kokha nkutsegula njira. Siyichiza khansa ayi, imathandiza kuti munthu azimeza, ndipo zimenezo si zazing'ono, agogo omwe amalavula madzi kuwaona akumwa tiyi okha kapu ili m'manja, ife timasangalala nawo. Koma chotupa chikakhala pamwamba kwambiri pafupi ndi khosi stent imavuta, wina amamezabe bwino ndiye amati adikire kaye, komanso tivomere, ndi katundu wodula wochokera kunja, sapezeka nthawi zonse. Amasankha ndi madokotala omwe aona mkatimo, si ife. Wobwerera opanda stent asakhale kunyumba chabe, abwere ku palliative care, komwe amasamalira odwala matenda osachiritsika, mankhwala a ululu ngati morphine wamadzi ndi ufulu wake.

Mndandanda wa odikira mumautsata bwanji?

Yemwe madzi omwe akukanika amatsogola, ngakhale wabwera lero. Zimachitika kuti tsiku lasintha ife osakupezani pafoni, choncho siyani manambala awiri, ndipo buku la kuchipatala musaliiwale.

Akaikidwa stent adye chani?

Zofewa, pang'onopang'ono, atakhala tsonga, akumwera madzi. Phala, mbatata yophwanya, dzira lofewa, nsima yofewa yoviika kwambiri mumsuzi. Mlamba wowamba, nyama youma, chimanga chootcha ndi mango aulusi ayi, zimatseka. Pogona mutu ukhale pamwamba chifukwa asidi amakwera. Akayamba kutsokomola nthawi iliyonse akamwa, kusanza magazi kapena kutentha thupi, bwerani tsiku lomwelo.